Masamba Khumi Patsiku

17 Julaye

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi manyazi anga, chifukwa ndikachedwa muwamvera kwa aneba. Loweruka lina, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinatsegula katoni ya mabuku munandisungitsa ija. Inde, omwe aja ndinkakusekani nawo kuti ndi oopsezera ana. Ndinatola la telala uja amene mkazi wake anasowa, amene akangomaliza kusoka diresi amamva kugogoda m'kati mwa wadiropu. Nditangofika pamene kugogodako kukuyamba, pachitseko changa panamveka go, go, go! Achimwene, ine mphunzitsi wa sayansi, mwini digiri yopachika pakhoma, ndinakuwa mpaka aneba anatulukira ndi sipanala yomasulira matayala. Anandipeza kuseri kwa firiji, mopu ali m'manja. Pakhomo panali azakhali athu ndi sutikesi yawo.

Anati abwera masiku atatu okha kudzapimitsa maso. Lero tili m'sabata yachinayi.

Asanakhale n'komwe, anatola buku ndinaponya pansilo.

"Ndiye izi ndi zimene munkaphunzira ku koleji, aphunzitsi?"

"Si anga, azakhali, ndi a achimwene."

Ndikuvomera, ndinakuperekani pomwepo. Anakhuthula katoni yonse pasofa, n'kunyamula chibuku chija cha mbiri ya nyimbo zanu za metulo, zija oyimba amabangula ngati akuwazula dzino popanda jekeseni. Anaona chigaza pachikuto, anaona anyamata odzipenta nkhope ngati ufa wawatayikira, mayina awo olembedwa ngati mizu ya mtengo wozuka, basi mlandu unatha. Zonse pamoto.

Koma osati nthawi imodzi ayi. Ati utsi wa zinthu zotere ukachuluka umakanirira m'makatani. Anagamula kuti aziyatsira mbaula masamba khumi m'mawa uliwonse, m'nyumba muno momwe muli kuka yamagetsi yabwinobwino. Anayamba ndi la telala. Chibuku cha nyimbo anachitsekera m'sutikesi, kiyi n'kuvala m'khosi, ati ndicho chotsatira.

Achimwene, mtima wanga ukuwirabe. Munthu sanamvepo nyimbo ngakhale imodzi, akuweruza pongoona tsitsi la eni ake! Nanenso nyimbo zanuzo sindizikonda, ndipo sindidzazikonda. Koma ine ndili ndi ufulu wozinyoza, chifukwa ndinazipirira zaka zisanu ndi chimodzi kudzera pakhoma, ndikuwerengera mayeso thonje lili m'makutu. Ndiponso ndinachitsegulapo chibukucho. Ndinapeza kuti ambiri mwa obangulawo anali ana osauka a m'matauni a mafakitale, oyeserera gitala m'magalaja ozizira, ena mayi awo akuwabweretsera tiyi. Ndinawauza azakhali zimenezi. Anati, "Mayi ake omwewo ndiwo ofunika kuwakwapula."

Mukudziwa chimene chili patsamba loyamba. Dzanja la malemu bambo: "Kwa mwana wanga waphokoso. Wakhoza mayeso, ndiye sokosa." M'nyumba muno mulibe pena pomwe analembapo. Nditawakumbutsa azakhali, anangogwedeza kiyi wawo. "Achimwene anga munawapusitsa. Akanadziwa sakanagula."

Lachitatu lapitali ndinaweruka msanga kusukulu. Ndili pakhonde ndinamva mawu kukhitchini.

"Usatsegule, chitsiru iwe! Bambo wamkulu ngati iwe, sukumva kuti si mphepo imeneyo?"

Ndinasuzumira. Azakhali ali pampando, magalasi atsopano pamphuno, masamba a mawa ali m'manja, tiyi atazizira kalekale.

"Mukuwerenga, azakhali?"

"Ndikuyesa magalasi. Komanso munthu uyenera kudziwa chimene ukuwotcha."

Ndipomwe ndinamvetsa mafoni a madzulo alionse kwa anzawo aja ankagwira nawo ntchito ku positi. Ndinkangomva, "Zonyansa, mnzanga, zonyansa zenizeni. Ayi, sanatsegulebe. Ndikuyimbira mawa." Ine kumaganiza kuti akunena za ine! Maso anapimitsa sabata yoyamba yomwe ija. Chowasunga pano ndi telala, ndipo akuwotcha buku la eni pang'onopang'ono ngati mankhwala a adokotala, n'kumanditcha ine wosochera.

Dzulo ndinayang'ana chotsala: masamba makumi atatu. Masiku atatu, kenako dzanja la bambo pambaula. Ndiye lero m'mawa, tikumwa tiyi, ndinanena ngati ndikukamba za nyengo.

"Paja m'wadiropu muja ndi khoswe, azakhali. Mkaziyo anangopita kwa mchemwali wake."

Kapu ya azakhali inaima m'malere.

"Wati chiyani?"

"Khoswe. Wamkulu ndithu."

"Anakufunsa ndani? Anakufunsa ndani, mwana wopanda mwambo iwe? Masabata onsewa ndikuvutika osagona, iwe kudzangolavula choncho? Kwa anzanga ndikanena chiyani? Khoswe?"

"Si paja ndi zonyansa, azakhali?"

"Zonyansa zake zinali zanga!"

Sanamalize tiyi. Analowa kuchipinda, zovala kumangoponya m'sutikesi, koma zipi anakana chifukwa cha chibuku chanu. Anachitulutsa mokalipa, chikuto n'kutseguka chokha. Anayendetsa chala pa mawu a bambo aja.

"Achimwene anga," anatero, "chilembo chawo cha z chinkakhala ngati bakha kuyambira ali kupulayimale."

Anachipukuta ndi mkono wa juzi, n'kuchiika patebulo chafufumimba kuti chigaza chisaoneke. Masamba otsala aja anawapinda bwinobwino n'kuwalowetsa m'kachikwama ka m'manja. Ati akawotchera kwawo.

Tsopano chomaliza, ndipo musaseke. Za khoswezo ndapeka. Bukulo sindinapitirire pomwe panamveka go, go, go paja. Wadiropu yanga ndinaitembenuzira kukhoma, zovala ndikupachika pachitseko. Azakhali akakawerenga m'basi adziwa kuti ndawanamiza, ndipo mukuwadziwa. Choncho mundiyankhe mwachangu: muli chiyani m'wadiropu muja? Mundikhululukirenso, la telala lapita, ndinalephera kuliteteza. Ena onse alipo.

Ndikulemba pano azakhali akutsanzika aneba kachitatu, woyendetsa takisi waliza hutala mpaka watopa. Abwerera ambulera. Abwereranso kudzandiuza kuti ndaonda. Eya, tsopano geti latsekeka.

M'nyumba mwangoti zii, achimwene, zii yemwe uja anayamba tsiku munanyamuka. Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti azakhali awo aang'ono saopa kanthu. Chibuku chanu ndachitembenuza, chigaza chikuyang'ana kudenga, chikudikira mwini wake. Mukadzabwera mudzayatse nyimbo zanu mokweza momwe mungafunire. Thonje ndinataya.

Ndine mlongo wanu,
wa kuseri kwa firiji.