Dzenje la Pambali pa Amayi

Doe Hollow, Pennsylvania
Tsiku la 14, Mwezi wa Khumi, 1857

Okondedwa Achemwali Tacy,

Musamvere zimene azakhali Keziah akulemberani kumeneko ku Iowa. Sindinaledzere pa maliro a Bambo, ndipo sindinamenye munthu. Ndikanamenya, mwina mtima ukanatsika. Ine ndinangokumba dzenje ndi kulankhula, basi. Mumpingo wathu wa Abwenzi zonse ziwirizi ndi milandu.

Bambo mukuwadziwa. Agogo anagona m'ndende pokana kunyamula mfuti, Bambo n'kutengera kuuma khosi komweko. Boma litabwera kudzalanda ng'ombe chifukwa chokana msonkho wa asilikali, anawatsegulira okha chipata, chipewa chili kumutu. Inu mutakwatiwa ndi Daniel wa mpingo wa Methodist, ndi iwo amene anapempha mpingo kuti ukuchotseni. Ine anandizula ku yunivesite nditatsala pang'ono kumaliza, amvekere, "Tirigu sadikira Chilatini." Ndinabwera, ndawalimira mpaka lero. Nanga mukukumbukira Amayi akudwala, atapempha kuti akagone pambali pa manda a Phebe wathu wakhanda uja? Bambo anati, "Kumanda kulibe banja la Swayne, Hannah. Munthu amagona pamene mzere wafika."

Tsono imvani. Sabata lomaliza, chifuwa chitawapanikiza, anandikoka malaya.

"Ellis, pambali pa amayi ako panatsala malo, chakumpanda kuja."

"Nanga mzere, Bambo?"

Anatsinzina. "Mzere ndikuudziwa. Ndikufuna Hannah."

Moyo wawo wonse sanandipemphepo kanthu, ankangolamula. Choncho atamwalira ndinatenga fosholo m'mawa n'kupita kumanda. Ndili m'kati mokumba anafika akulu a mpingo, Abner Pyle ndi Eli Mendenhall, manja ali kumbuyo ngati akudzaona mbatata.

"Bwenzi Ellis," anatero Abner, "ukukumbira yani?"

"Ndikufuna golide, Abner. Inu mukuona ngati ndikukumbira yani?"

"Malo a bambo ako Enoch ali kumapeto kwa mzere watsopano. Iye mwini ndiye ankatikumbutsa lamulo limeneli."

"Anasintha maganizo."

"Anamumva ndani?"

"Ine."

Eli anamwetulira monga amachitira akamagula nkhosa ya mkazi wamasiye. "Wodwala amanena zambiri, mwanawe. Ife tikulemekeza Enoch amene tinkamudziwa."

Amene ankamudziwa! Ankawatembenuza pakama ndani? Ankawapukuta ndani? Eli anabwera kamodzi kokha, n'kuima pakhomo mpango uli kumphuno.

Pa msonkhano wa maliro tinakhala chete monga mwa masiku onse, aliyense kudikira Mzimu. Mzimu unafikira Eli, paja umakonda kwawo, n'kunena kuti Enoch anali mtengo wosapindika. Ndinaimirira. Ndinati mtengowo unapindika, ndinauona ndi maso angawa, ndipo ndi tsiku lokhalo limene sindinawaope bambo anga. Ndinati munthu amene anapatsa mpingo ng'ombe zake, mwana wake wamkazi ndi sukulu yanga wapempha kamalo kamodzi. Ndisanamalize, Abner anatembenukira kwa Eli n'kumugwira chanza. Mukudziwa inu kuti akulu akagwirana chanza msonkhano watha. Anthu anadzuka n'kumatuluka mwaulemu, mmodzimmodzi, ine ndili chiimire, mawu ali m'kamwa. Palibe anandikalipira. Bola akanandikalipira. Azakhali podutsa anangondinong'oneza kuti, "Mabuku aja anakuwononga, mwana iwe."

Bokosi salinyamula munthu mmodzi, Achemwali. Analinyamula anzawo a Bambo, n'kudutsa nalo pa dzenje langa osacheukako n'komwe.

Tsopano akuti sandikakamiza. Abwenzi sakakamiza munthu, amangomukhalira chete mpaka afooke. Abner anandipeza m'khola ndikukama, akuti, "Tikudikira kuti mtima wako ukuuze wekha kuti ukakwirire." Ndinamuuza kuti adikire mpaka ndevu zimufike m'maondo. Ndamva kuti mwezi uno akukambirana za ine. Akandichotsa tidzakhala awiri, ndipo sindidzawalembera pepala lopepesa.

Ndikudziwa kuti mufunsa ngati Bambo anakutchulani. Chonde musandifunse.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. M'chipinda muja munalibe wina, ndinali ndekha. Alembereni azakhali kuti mwandikhulupirira. Ngakhale musandikhulupirire, alembereni.

Moni kwa alamu Daniel. Muwauze kuti nyimbo zawo zaphokoso zija ndasiya kuziseka, poti kwawoko munthu akalira ena amamuthandiza. Ana onse muwapatse moni wa malume awo, makamaka wamng'ono munamutcha Enoch uja. Maapozi a mtengo wanu ndathyola, ndilibe womupatsa.

Bambo agona kumapeto kwa mzere watsopano. Dzenje la pambali pa Amayi ladzaza madzi a mvula.

Ndine mlongo wanu,
Ellis