Mkaka wanga uli m'sutikesi

Wokondedwa mwana wa mng'ono wanga,

Kaya uli bwanji kutaliko? Ine ndilipo, ndikuyendabe ndi miyendo yangayi.

Mnzanga uja tinkasoka naye zovala anaterereka m'bafa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Pano amachita kumutembenuza pabedi ngati khanda. Anesi anandiuza kuti ndizimwa mkaka waufa umene anawonjezeramo zolimbitsa mafupa, ndipo ndinagula. Koma mkazi wa achimwene ako anautenga n'kuthirira ana mu tiyi. Akuti, "Amayi, mkaka ndi wa ana, inu munakula kale. Komanso ndi wodula."

Ndinati, "Chodula n'chiti, mkaka kapena kundinyamula kupita kuchimbudzi chaka chonse? Wodzasiya ntchito ndinu, osati anawa."

Tsopano chitini ndimachikhomera m'sutikesi, kiyi ali m'khosi. Akunditcha womana. Anene, pakamwa ndi pawo, mafupa ndi anga.

Za pamasitepe Lachiwiri lija usamve za anthu, ndinangokhalako pansi pang'ono. Dzanjali likulembabe, sukuona? Koma usawauze achimwene ako, angandiletse kutuluka. Ine pabedi ndizigonapo usiku wokha.

Ndine mayi ako aakulu.