Ndinaloweza Zilembo za Dokotala wa Maso

Lolemba, 14 Okutobala

Chipale chofewa choyamba chagwa. Mbuzi yanga Dusya yakana kutuluka m'khola, ndipo sindikuiimba mlandu.

A Yefimu Lukichi, akapitawo athu, aimba foni. Akuti sitima ya chipatala iima pa siteshoni ya Medvyanka Lachinayi, ndipo chaka chino aliyense wogwira ntchito ya njanji akapimidwe, pepala lake lipite ku ofesi. "Ndi inu nomwe, a Taisiya Matveyevna. Chaka chatha munazemba, mumati mbuzi ikubereka. Kodi mbuzi yanuyo imadikira madokotala kuti ibereke?" Ndaseka nawo, koma mtima unangoti myuu.

Ndi masowa. Lamanzere likuona ngati ndikusuzumira pa zenera la nthunzi, lamanja nalo layamba. Palibe akudziwa. Zaka 23 ndili pano pa Kilomita 412, pamene msewu umadumpha njanji, kutsekera msewu malole a zipika, kukweza mbendera yachikasu, kuyang'ana mawilo a mabogi ngati sakufuka utsi. Akandiimitsa ntchito, kanyumba kano nako ndi ka njanji. Ndipite kwa mwana wanga Lida ku tauni, ndikakhale ngati katundu pa nsanjika yachisanu ndi chinayi?

Woyendetsa sitima ya 11:40 waliza hutala kawiri monga masiku onse. Dzina lake sindilidziwa, koma zaka zisanu ndi chimodzi tsopano sanadutsepo osandipatsa moni.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndachipeza. Chinali m'bokosi la misomali la malemu amuna anga a Kuzma: kalendala yakale, kumbuyo kwake analemba mizere khumi ya zilembo za dokotala wa maso. Chikwangwani chimenechi ndi chimodzimodzi dziko lonse, kuyambira tili pa sukulu. Sha, Be. Em, En, Ka. Iwo anakhoza nacho mayeso zaka zinayi, chikhalirecho ankathira mchere mu tiyi.

Ndaloweza ndikukama. Dusya wamva mizere isanu ndi iwiri, wachisanu ndi chitatu wandimenya chidendene.

Lachitatu, 16 Okutobala

Sitima ya malasha yadutsa ndi wilo lotentha. Aligwira ku Medvyanka, likufuka ngati ng'anjo. Ine ndinali nditanena kale pa foni kuti zonse zili bwino.

"Simunauone utsi?" atero a Yefimu Lukichi.

Ndati kunali chifunga. Iwo ati kwawoko kunja kwangoti mbee. Ndachita manyazi mpaka m'makutu. Bodza ndilibe nalo luso, ndi mantha chabe. Bogi ija ikanagubuduzika pa mlatho bwenzi ndikulemba zotani pano?

Mizere yonse khumi yalowa.

Lachinayi, 17 Okutobala

A Gavrilu, amene amandigwirira ndikamapuma, abwera m'mawa kudzaima pa malo anga. Ndavala diresi yobiriwira ya pa ukwati wa Lida, ndanyamula botolo la jamu, poti kwa dokotala sapita chimanjamanja.

Pa siteshoni anthu anali mbwee, aliyense atatchena ngati kuli chikondwerero. Azibambo ometa bwino, akununkhira sopo, ali ndi njala chifukwa cha kupimitsa magazi. Sitima yoyera, mabogi ake otentha m'kati, makapeti pansi. Ndinaiwala kuti anthu ambiri pamodzi amamveka chonchi. Mayi wina pa mzere amauza mnzake kuti, "Aise, ine sindikudwala, ndangobwera kuti wina andifunseko kuti ndagona bwanji." Tonse tinaseka, koma palibe anamutsutsa.

Wa maso ndi mayi wachitsikana wa mtundu wa Chiburyati, a Saryuna Bairovna. Ndisanalowe munatuluka mayi wina ndi kamwana kake. Dokotalayo anandikhazika pa mpando, nkunditseka diso limodzi ndi kachitsulo konga supuni. Kukhoma kuja ndimangoona choyera chowala ndi timadontho takuda. Asanafunse nkomwe ndinayamba. Sha, Be. Em, En, Ka. Ndinatsetsereka mpaka mzere wakhumi osapunthwa, ngati mwana wa sukulu wofuna mphatso.

Anandisiya mpaka ndimalize. Kenako anati, "Mwakhoza zonse, mayi. Koma pakhomapo pali zithunzi za ana, sindinasinthe. Pamwamba pali nyenyezi ndi bowa."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Iwo sanaseke. Anangoti lero ndine wachinayi kuwaimbira nyimbo imeneyi, koma enawo amaona pang'ono nkusiya pa mzere wachiwiri. Anandiunika ndi kanyali, akupumira pafupi ndi tsaya langa. Chimwalirire a Kuzma palibe amene anandigwirapo kumaso.

Ng'ala, maso onse awiri. Akuti imachotsedwa, ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma osati m'sitima muno, mpaka ku chipatala chachikulu ku tauni. Ndinawachonderera kuti angolemba kuti ndikuona, chaka chimodzi chokha.

"Loweruka sitima inoyi idutsa pa malo anu ine ndili m'katimu," anatero. "Mukufuna ndilembe bodza, kenako ndikagone pamwamba pa mawilo amene inu simukuwaona?"

Jamu analandira. Pepala analemba zoona.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sindinaphike. Kalendala ya a Kuzma ndayatsira moto.

Loweruka, 19 Okutobala

A Yefimu Lukichi abwera okha. Akhala pa mpando wa a Kuzma chipewa chili pa bondo. Mbendera ndi makiyi apereka kwa a Gavrilu. Akuti m'nyumba ndikhale mpaka chisanu chithe, ndipo ndikakachotsa ng'alayo ndikhoza kudzapimidwanso. "Pitani ku tauni, mlongo wanga, musachite makani ngati mbuzi yanuyi."

Ku tauni sindipita. A Kuzma anapita ku chipatala chomwecho akuyenda okha, anabwera m'bokosi. Ndipo wina andilowetse mpeni m'diso ine ndili maso? Ayi.

Sitima ya chipatala yadutsa masana. Ndinali pa zenera, ndangoona chinthu choyera chachitali. Mwina a Saryuna Bairovna anasuzumira, mwina ayi. Idzabweranso chaka chamawa nthawi ngati ino.

Lamulungu, 20 Okutobala

Tsiku lonse ndili m'nyumba. Sitima zikudutsa popanda ine, ndipo sizikuchedwa ndi mphindi imodzi yomwe. Izi zandiwawa kuposa maso. Ndasungulumwa. Lida sindinamuuze.

Lolemba, 21 Okutobala

Miyendo yanditulutsa yokha nthawi ya 11:30. Ndakaima pa mpanda wa dimba, kutali ndi msewu, ndi chingwe cha Dusya m'manja, ngati ndikudyetsa mbuzi pa chipale.

Wa 11:40 uja wabwera. Pa msewu paja waliza hutala kawiri, kwa a Gavrilu, ndendende ngati mmene amachitira kwa ine. Ndiye ndakumbukira zimene ndimadziwa kalekale, kuti lamulo limati aziliza pamenepo, kaya paima munthu kaya chitsa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudzinamiza, nkhalamba yopusa ine. Dzanja linali litakwera kale lokha, lopanda mbendera, ndipo ndinachita manyazi kulitsitsa.

Injini itafika pa mpanda wanga, pamene palibe lamulo lililonse, yaliranso kachitatu. Kamodzi, mwachidule.

Pa zenera lake panali chinachake chikugwedezeka. Dzanja, chipewa, kaya nsanza yopukutira galasi, sindikudziwa.

A Gavrilu avomera kukama Dusya, ngakhale akuti akawamenya chidendene amudya. Chikwama ndalongedza, pepala la a Saryuna Bairovna lili m'thumba la chikhoti. Sitima ya ku tauni imaima ku Medvyanka 6:15. Ndikufuna ndidzamuone nkhope woliza hutala uja.