Mkono Wanga Wadzuka, Achimwene

Kwa Kasese,
Madisi, Dowa.
Ogasiti, 1995.

Okondedwa Achimwene a Felton,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Nchalo, inu, alamu ndi ana. Kutentha kuja munakuzolowera? Kuno tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chatiluma. Mayi akudzuka, angodandaula maondo basi.

Achimwene, khalani pansi. Nkhani ndili nazo ziwiri, ndipo zonse ndi zokoma.

Yoyamba ndi iyi: mkono wanga wadzuka! Dzulo kudambo ndinanyamula ndowa yodzaza n'kudzisenza ndekha, popanda wondithandiza. Amayi amene ndinali nawo anaimba nthungululu mpaka mbuzi zinabalalika.

Mukukumbukira kuti chaka chatha, nthawi ya kampeni, ndinagwa pa lole tikuchokera kumsonkhano, n'kuthyoka mkono wamanja pafupi ndi phewa. Fupa linalumikizana bwino, koma atandichotsa zomanga zija phewa linali litauma ngati chikuni. Kumanga duku ayi, kugwira khasu ayi, ngakhale kudzikanda kumsana. Mwana wanga Luckness ndiye amandiveka ngati khanda. Ena anati nditeme mphini, ndinatema, koma osaphula kanthu. Dimba linamera tchire. Ndinkangoti, mkazi wamasiye wa mkono umodzi, ana ndiwadyetsa chiyani?

Kenaka ndinamva kuti kuchipatala cha mishoni kumabwera mayi wina, a Rakele, wophunzitsa mafizo. Ine ndinapita ndikuyembekeza jakisoni. Iwo anandigwiragwira phewa, n'kunena kuti, “Amayi, mkono uwu mwaufungatira ngati dzira. Mankhwala ake ndi kuuyendetsa.”

Anandiuza kuti ndiziyamba ndathowa phewa ndi nsalu ya madzi ofunda. Ndikatero ndiwerame, mkono ulendewere, ndiziugwedeza pang'onopang'ono. Kenaka ndiime pakhoma, zala zizikwera ngati kangaude mpaka pamene ndingathe. Tsiku loyamba ndinalira, Achimwene, osanama. Zala zinathera pachifuwa penipeni. Ndinati mayi ameneyu ndi wankhanza. Koma iwo anandilangiza kuti ndikamva kukoka ndisaope, koma kukabaya ngati singano ndileke, ndikawauze. Ndinamvera. Mmawa khoma, masana khoma, madzulo khoma, mpaka anthu amati Manesi wayamba kuzira nyumba ndi zala. Lero zala zikufika pamwamba pa chitseko!

Tsopano yachiwiri. Musaseke.

Kumafizo komweko kunali bambo wina, a Bonifasi, okonza njinga pa Madisi. Ngolo inawagwera n'kuwavulaza bondo, ndiye amawaphunzitsa kuyenda pakati pa mitengo iwiri yogwirira. Thukuta lili kamukamu, koma nthabwala osasiya. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti, “Awiri ife atatiphatikiza pangatuluke munthu mmodzi wabwinobwino.” Ndinaseka mpaka kuiwala ululu.

Kuchipatalako kuli kagudumu kolendewera kudenga, kodutsa chingwe. Umakoka ndi dzanja labwino, lodwala n'kumakwera. A Bonifasi anandimva ndikudandaula kuti kwathu kulibe. Sabata yotsatira ndinangoona munthu akutsetsereka chitunda cha kwathu kuno ndi ndodo, m'manja muli chitsulo cha pakati pa gudumu la njinga yakale ndi chingwe. Anachimangirira pa mtengo wa mango uja munadzala inu. A Rakele titawafotokozera anakondwera, anangoti ndisamakoke mwamphamvu ngati ndikukoka ng'ombe.

Kuyambira pamenepo bamboyo amabwera pafupipafupi, akuti kudzaona ngati chingwe chili bwino. Tsiku lina Mayi anawafunsa pamaso pomwe kuti, “Kodi chingwe chimenechi chimadwaladwala bwanji?” Anachita manyazi, chipewa kuchipotokola m'manja, n'kuulula zimene amadzera.

Inde, Achimwene, akundifuna ukwati.

Akazi awo anamwalira kale, ana awo ndi akuluakulu. Amapemphera mpingo wathu womwewu, mowa sakumwa. Ndodo ija anaitaya, tsopano akupalasanso njinga. Luckness poyamba ananyinyirika, koma lero ndiye amathamanga kukawayalira mphasa.

Ine sindinawayankhe. Ndinati mwini mbumba ali ku Nchalo, popanda iye palibe chimene chingayende. Koma kwa inu sindibisa: ndawakonda. Chimwalirireni bambo a Luckness ndinkayesa kuti zoterezi zinandithera, moti ndikamadzimva ndikuimba pochapa ndimadzidabwa ndekha. Mwina munena kuti msinkhu wangawu ndi wolera zidzukulu. Nenani, ndimva. Koma munene mutawaona kaye.

Ndiye pempho langa ndi ili: pemphani tchuthi mubwere, mudzakhale nkhoswe yanga. A kwawo kwa a Bonifasi akonzeka kale, akungodikira inu. Mubwere mvula isanayambe, msewu wathu mukuudziwa mmene umakhalira kukagwa madzi. Mundiyankhe msanga tsiku lake kuti a Bonifasi adzakuchingamireni pa siteji ya basi pa Madisi. Mukadzaona bambo wamtali, wa imvi pang'ono, akutsimphina pobwera kwa inu, ndi amenewo. Musadzawayang'ane mwendo, Achimwene. Mudzawayang'ane kumaso, kenaka mudzandiuze ngati ndalakwitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi akuti musaiwale shuga. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Manesi