Clémence wa m'kalilole

Lolemba, 6 Malichi 1911

Roig, wojambula uja, wandipeza kochapira zovala, chipewa chili m'manja. Akuti chithunzi cha Clémence chagulidwa ndi munthu wa ku Jeremani, chinyamuka sabata yamawa. Clémence, mng'ono wanga, anakhala pampando wa Roig chisanu chonse, uku akutsokomola, kuti amujambule. Tinamuika m'manda mwezi watha. Chithunzi chake china palibe, ngakhale cha kamera.

Lachitatu, 8 Malichi

Ndinakwera ku Montmartre, kwa Roig, kukachionanso. Nkhope yophwanyika ngati mbale yogwa pansi, mphuno uku, diso uko, zonse zotuwa. Ndinafunsa, "Mng'ono wangayo ali pati apa?" Iye, "Mayi Honorine, ndinamujambula mbali zonse nthawi imodzi." Mbali zonse, ine osaonapo ndi imodzi yomwe! Chimene ndazindikira ndi chipsera cha pamwamba pa diso lakumanzere, chija anagwera pambaula tili ana.

Walonjeza kuchizokota pa chimbale cha mkuwa kuti a Garnot, osindikiza zithunzi, andisindikizire papepala. Ndavomera. Nanga nditani?

Loweruka, 11 Malichi

Ndikusita malaya ndinayesa kukumbukira nkhope yake. Siikubwera, akubwera ndi mawu okha. Ndachita mantha. Kalilole wa mayi akadali chifundire nsalu yakuda ya maliro.

Lachiwiri, 14 Malichi

Chithunzi chija chapita, m'bokosi lamatabwa.

Lachinayi, 16 Malichi

Kwa a Garnot, fungo la inki lokhalokha. Anapukusa gudumu la makina, namatula pepala lonyowa pa mkuwa. Roig anangoti kukamwa yasa, kenaka kukuwa: "Chatembenuka!"

A Garnot osatekeseka. "Iwe, sindinakuuze? Pa mkuwa timazokota tikuyang'ana m'kalilole. Iwe wangokopera mmene chinalili, ndiye chakumanzere chapita kumanja. Komabe zithunzi zakozi, adziwa ndani?"

Roig anagwira pepalalo kuti aling'ambe. Apo ndi pamene ndinaliyang'ana. Chipsera chili kumanja, mutu wapendekera mbali inayo. M'mawa uliwonse ndinkaima kumbuyo kwake n'kumamupesa tsitsi, tonse maso ali m'kalilole, ndipo ndinkamuona choncho. Tizidutswa tonse tija tinangogwirana. Anali iyeyo, Clémence wanga, watsala pang'ono kudandaula kuti ndikumukoka tsitsi.

"Musang'ambe."

"Mayi, n'cholakwika ichi. Ndizokota china."

"Ndati musang'ambe. Ndipatseni."

Anandipatsa, manja ake ali akuda ndi inki. Panjira ndinalira osabisa, anthu akundiyang'ana.

Lachisanu, 17 Malichi

Ndachotsa nsalu yakuda ija. Pepala ndalipanikiza m'mphepete mwa kalilole, pomwe nkhope yake inkafika akakhala pansi. Ndatenga chipeso, ndaima kumbuyo kwa mpando wake.