Tsiku Limene Ndinagwira Bulashi ku Mochudi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ine kuno ku Gaborone ndilipo, bondo lokhali ndi lomwe limandivuta kukazizira. Ndikukhalabe ku Mogoditshane, ndipo ntchito ndi yomwe ija ya m'nyumba kwa Mma Neo ku Block 3.

Kumudzi, mng'ono wanga Esinati wachira, ndi mwana wamkazi wonenepa bwino. Achimwene a Yohane andilembera kuti chimanga chadzaza nkhokwe chaka chino, koma mbuzi yanu yamawanga ija inajiwa ndi fisi.

Chomwe ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni ndi china. Chipumireni pa uphunzitsi, Mma Neo amajambula zithunzi ndi penti pamodzi ndi anzawo. Loweruka lapitali anapita ku Mochudi, tauni yakalekale ya m'mbali mwa mtsinje wa Notwane, ndipo ananditenga kuti ndiwanyamulire dengu la zakudya. Pamwamba pa phiri pali chinyumba chakale chokhala ngati linga, choyang'ana tauni yonse. Mtsinjewo ndi zithaphwi zokhazokha. Inu ozolowera Bua mukanaseka.

Onse anayala mapepala n'kuyamba kujambula chinyumbacho, ine ndili pamthunzi. Mma Neo anabwera ndi pepala ndi bulashi, amvekere nanenso ndiyese. Ndinakana. Ndinawauza kuti manja angawa ndi a tsache, komatu chenicheni ndinkaopa kusekedwa ndi anthu ophunzira. Iwo anangozisiya pamiyendo panga n'kubwerera.

Ndili chikhalire, ndinaona kumunsi mayi wina akuzira kakhoma ka bwalo lake, akulemba mizere ndi zala. Anawerama ngati inu, mmene munkakongoletsera nyumba yathu ndi dothi lofiira ndi lakuda la kudambo. Paja munkati, "Nyumba yosazira ndi nkhope yosasamba." Ine ntchito imeneyo ndinkaithawa, kunamizira mutu.

Ndinaigwira bulashi ija. Chinyumba sindinachijambule ayi. Ndinajambula kwathu: khonde, mizere yanu yokhotakhota, ndi inuyo mutawerama. Ndinakujambulani chofulatira chifukwa nkhope ndinaiopa. Penti inayenderera, ndipo mutu wanu unakula kuposa mtsuko umene ndinauika pambali panu.

Dzuwa litapendeka, anandandalika zithunzi zonse pamwala kuti aliyense aone. Changa ndinachibisa pansi pa dengu, koma Mma Neo anachitulukira n'kuchiika pakati pa zinazo. Ndinangozyolika, kudikira phwete. Palibe anaseka. Bambo wina wa imvi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti mayiyo ndani.

Ndinati, "Ndi amayi anga, a Nabanda."

Amayi, chitisiyireni, aka kanali koyamba kutchula dzina lanu osagwetsa msozi. M'minibasi pobwerera ndinachifumbata pachifuwa njira yonse, ndikumwetulira ndekha ngati wopepera.

Tsopano chili pamwamba pa bedi langa. Mma Neo andipatsa mabulashi awiri, ndipo akuti ulendo wa mwezi wamawa ndikakhale pamzere ndi ojambula anzanga, dengu tidzathandizana.

A Yohane akuti khoma la nyumba yanu lasuluka ndi mvula. Ndikadzabwera m'chilimwe ndidzapita ndekha kudambo kukakumba dothi, ndipo ndidzalizira ndi manja angawa. Mizere ikadzapotoka, musadzandiseke kwambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya