Khutu pa thanki

Lachitatu, Ogasiti. Fumbi tsiku lonse.

Njinga yamoto ya malemu Bambo yazimanso polowa mu Kitwe. Silinda yakutsogolo imagunda bwino, yakumbuyo imangotsokomola. Ndaikankha mpaka kwa Ba Mwansa, makaniko wa ku msika wa Chisokone. Buku limene ndinatsatira pokonza kabureta sanalitsegule n'komwe. Aika khutu pa thanki, apotoza kasikuluwu, yalira.

"Mwaiche, mwana iwe, atate ako ankaimvetsera. Iwe umaiwerenga."

Amayi anati ikadzazimanso igulitsidwe, safuna maliro achiwiri. Sindinawauze. Loweruka tikavundukula chiliza cha Bambo ku Ndola, ndipo ndikufuna kukafika nayo ikulira.

Madzulo ano ndailiza kuseri, ndatsinzina, khutu pa thanki. Ndamva phokoso lokhalokha. Mawa, Amayi akapita kutchalitchi, ndidzamvetseranso, mwina...